Mmene Ndinaperekezera Impso ya Mkazi Wanga ku Lusaka

Ntchito yanga ndi yomwetsa anthu madzi. Ndimaperekera zakudya pa loji ina chakufupi ndi Nkwali, m'mbali mwa Luangwa, ndipo m'miyezi yotentha abwana amatilamula kuti mlendo asapezeke wopanda botolo m'manja. Tsiku lonse ndimangozungulira ndi thileyi, kunyengerera azungu opsa ndi dzuwa kuti amwe. Ndamwetsapo nkhalamba zamakani, ndamwetsapo ana olira. Koma munthu amene anandikanika, mpaka ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa basi yonse, ndi apongozi anga.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ndinatsikira kuchigwa kudzafuna ntchito, ndipo ndinapeza ntchito ndi mkazi yemwe, Misozi wa ku Nsefu. Ndinamanga nyumba pamudzi pawo monga achitira mkamwini aliyense. Kumeneko mwambo wa upongozi sunafe. Ndikakumana ndi amayi ake a Misozi panjira, mmodzi wa ife ankapatukira kutchire. Ine sindinadyepo iwo akuona, iwonso sanamezepo kanthu ine ndili pafupi. Tikafuna kuuzana nkhani tinkatuma Misozi kapena mwana wathu Dalitso, ngakhale tili pabwalo limodzi. Mwambowo uli ndi pothera pake: ana akabadwa, apongozi amaphera mkamwini nkhuku, n'kumuitanira m'nyumba mwawo kuti adye, manyazi n'kuthera pomwepo. Nkhuku yangayo inali italonjezedwa, koma matenda ndiwo anayamba kufika.

Impso zawo zinaleka kugwira ntchito. Anakhala ku Lusaka nthawi yaitali akutsukidwa magazi ndi makina, mpaka madokotala atayeza ana awo anapeza kuti Misozi ndiye angapereke impso yake imodzi. Ndinavomera pakamwa, mumtima ndikunjenjemera. Opaleshoni inayenda bwino, onse awiri anabwerera kumudzi, ndipo anthu ankachokera kutali kudzaona mayi woyenda ndi chiwalo cha mwana wake.

Koma walira mvula walira matope. Thupi la munthu silidziwa chibale. Likaona impso yachilendo, asilikali a m'magazi amaithira nkhondo, ngakhale ikhale ya mwana wobala wekha. Choncho apongozi anapatsidwa mapilitsi ofooketsa asilikaliwo, oti azimwa m'mawa ndi madzulo moyo wawo wonse. Dokotala anamuuziratu Misozi kuti mapilitsi omwewo ali ndi khalidwe lawo loipa. Ena amafinya mitsempha ya magazi, ena amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, ndiye BP imakwera. Ikakwera imawononga impso yomweyo imene mapilitsiwo akuilondera. Ukawasiya thupi liikana impsoyo, akachuluka m'magazi aipweteka okha. Pakati pake amapadziwa ndi dokotala, akayeza magazi.

Chaka chatha, mvula isanagwe, apongozi anayamba kudandaula mutu wa kunkhongo. Nesi wa pakiliniki yathu anawayeza, nayezanso mawa lake, kenako anaimba foni ku Lusaka. Yankho linali lalifupi: abwere msanga, asadumphitse mapilitsi, ndipo panjira azimwa madzi chifukwa impso yobzala siipirira ludzu.

Nanga awaperekeze ndani? Misozi anali m'chikuta, mwana wathu wachiwiri mchombo usanagwe. Mlamu wanga wamwamuna ndi sikauti wolondera nyama, anali kutchire kosagwira foni. Wamng'ono anali pakati pa mayeso. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ine ndinayang'ana pansi ngati pali china chimene ndataya.

Misozi anandiitanira pakhomo la chikuta, nandipatsa kachikwama ka mapilitsi ndi kamakina koyezera BP.

"Atate a Dalitso, mverani. Muzionetsetsa kuti amwa mapilitsi. Muziwamwetsa madzi. Ndipo muziwafunsa ngati ataya madzi."

"Ine? Kufunsa amayi ako zimenezo?"

"Nanga ndani? Akasiya kutaya madzi ndiye kuti impso yaima."

"Iwe Misozi, ndi pakamwa pati pamene nditi ndifunsire?"

Anandiyang'ana, mwana ali pabere, nanena mosakweza mawu. "Impso ija ndi yanga. Ndilibenso ina yopereka."

Mawu amenewo ndinayenda nawo ulendo wonse.

Tinapangana kunyamuka tambala woyamba kuti tikapeze basi yopita ku Lusaka molunjika, imene imanyamukira pamalo otchedwa Cropping kusanache. Koma ku Nsefu ulendo sapanga ndi anthu okha. Mango anali atayamba kupsa, ndipo njovu zinagona m'mitengo ya kumapeto kwa mudzi, pomwe padutsa njira yathu. Anyamata a njinga zamoto amene tinagwirizana nawo anafika, namva kuthyoka kwa nthambi, nazimitsa njinga zawo. Palibe anafuna kukambirana ndi njovu yokhala ndi mwana. Tinadikira mpaka dzuwa linatuluka, ine kuseri kwa nkhokwe, apongozi pakhonde pawo, aliyense akuyang'ana kwake. Pamene tinkafika pamsewu wa tala, basi inali itapita kalekale.

Tinapeza kagalimoto kakang'ono kopita ku Chipata, kakudikira kudzaza. Dalaivala ankangoti, "Atsala wan'u chabe," ndipo munthu mmodzi ameneyo tinamudikira mpaka mithunzi inafupika. Atapezeka, panabuka vuto lina. Malo otsala anali awiri kumbuyo, oyandikana. Apongozi anaima panja, atagwira kathumba kawo, akuyang'ana mtengo wa mbawa ngati sanauonepo. Dalaivala anali wa m'chigwa momwemo, sanafunse kawiri. Anaseka, nanditengera kutsogolo, kumene tinagawana mpando umodzi ndi bambo wina wonenepa. Giya iliyonse imene dalaivala ankasintha inkadutsa pabondo langa.

Titadutsa Jumbe tayala linaphulika. Lapadera nalonso linalibe mpweya, ndipo dalaivala anakwera nalo njinga ya munthu kubwerera kukapopetsa. Dzuwa la mwezi umenewo amalidziwa ndi amene anakhalapo m'chigwa. Apongozi anakakhala pansi pa kamtengo chapatali. Ndinatenga botolo la madzi, ndinakaliika pansi chapafupi nawo, ndinaomba m'manja, n'kupita kuseri kwa chulu kukawerenga nyerere. Pobwerera ndinapeza botolo latsika ndi theka. Ndinadzitama mumtima kuti ntchito yake ndi yophweka chonchi.

Ku Chipata tinafika madzulo, basi zonse za ku Lusaka zitapita. Tinagona kwa msuweni wake wa Misozi, mphunzitsi, amene anawamwetsa mapilitsi, nawayeza kuchipinda, n'kutuluka nkhope itagwa.

"Alamu, BP ili pa wani-seventi. Mawa musachedwe nawo."

Ndinamupempha kuti atiperekeze. Anati ali ndi kalasi ya mayeso, sangachoke. Ndinamumvetsa, komabe ndinamukwiyira.

M'bandakucha tinali pa siteshoni. Anyamata oitanira anatilanda zikwama kuchokera mbali zonse, aliyense akulumbira kuti basi yake ndiyo ikunyamuka pompano. Imene tinakwera inali ndi injini yolira kale ndi anthu odzaza m'mawindo, koma titakhala pansi theka la anthuwo linatsika, poti anali ongokhalitsa mipando kuti ioneke yodzaza. Matikiti athu analinso oyandikana. Ndinaimirira pakati pa basi ngati mbuzi yosokera, mpaka mayi wina wa kumpando wakumbuyo kwake anandikoka malaya.

"Mwauka bwanji, atate? Ndi apongozi anu awa? Ndaona kale. Khalani pano, ine ndikhale nawo."

Anali amayi Daka, ochita malonda a nthochi, opita ku Nyimba kukaoda. Ndinaona ngati Mulungu wanditumizira mngelo. Ndinawafotokozera zonse monong'ona: mapilitsi awa nthawi ya zero-eiti m'mawa uno, botolo ili lithe tisanafike ku Petauke, ndipo chakutichakuti muziwafunsa. Iwo anangoti, "Siyirani ine." Ndinakhala kumbuyo kwawo chopingasa, pamene ndinkatha kuona manja a apongozi bwinobwino. Ndinatsimikiza mtima kuti diso langa silichoka pamenepo.

Basi inanyamuka dzuwa litatuluka. Mlaliki anayenda nafe mpaka kunja kwa tauni, natipempherera kuti tisafere panjira, pemphero limene silinandithandize konse. Pa Katete, kwathu kwenikweni, sindinasuzumire ndi pawindo pomwe. Nthawi ya mapilitsi inali itakwana. Ndinaona amayi Daka akutsegula kachikwama, n'kuthira mapilitsi m'dzanja la apongozi. Kenako ndinamva mngelo wanga uja akuyamba ulaliki wake.

"Mayo, onsewa? Ndiye akuti ndi omwewa akukweza BP? Nanga mukumweranji? Ine alongo anga anasiya zonsezi, amangotafuna adyo ndi mandimu, ali gwa mpaka lero. Mankhwala achizungu amachiza uku akulasa uku."

Magazi anandithamanga ineyo. Ndinaweramira kutsogolo. "Amayi, chonde. Alongo anuwo ali ndi impso zawo. Awa ali ndi yobzala. Akasiya mapilitsi thupi liikana."

"Iyayi atate, ine ndimangocheza."

"Amwa?"

"Amwa, amwa. Khalani pansi."

Ndinakhala, koma maso anga sanakhale. Pa Sinda ndinaona botolo latsika. Pa Petauke basi inaima kuti anthu akadzithandize, azimayi anathamangira kuzimbudzi zolipira, apongozi sanasunthe. Amayi Daka atabwerera ndinawafunsa ndi maso. Iwo anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Ndinadzitonthoza kuti mwina nthawi sinakwane. Botolo linali litatha, ndinapereka lina.

Pa Nyimba amayi Daka anatsika. Ndinawathokoza ndi manja awiri. Basi itayamba kusuntha, ndinamva kugogoda pawindo langa. Anali iwo, akuyenda chothamanga m'mbali mwa basi, dengu lili kumutu.

"Atate, ndisakunamizeni, ndingachimwe. Sanamwe! Mapilitsi amanga pamfundo ya chitenje. Madzi aja ndamwa ndine, anandipempha kuti ndiwathandize."

"Mwati bwanji?"

"Nanga inu diso lili pa iwo ngati mphaka pa mbewa, munthu angameze bwanji pamaso pa mkamwini?"

Basi inakoka, iwo anatsala m'fumbi. Kuyambira ku Chipata, m'kutentha konseko, apongozi anali asanalawe dontho, ndipo mlonda amene anawatsekera pakhosi ndinali ine ndemwe.

Mpando wa amayi Daka unatsala wopanda munthu. Ndinauyang'ana mpandowo kuchokera ku Nyimba mpaka ku Kacholola. Ndinkati tikadutsa phiri ilo ndinyamuka, tikadutsa ndinkasankha phiri lina. Zaka zonse zopatukirana panjira zinandikhala pamiyendo. Apongozi anali atafunda chitenje kumutu, mutu atautsamiritsa pagalasi. Ndinayesa nzeru ya dzulo lake: ndinatembenukira kumbuyo, kuyang'ana chitseko cha basi nthawi yaitali kuti amwe ine ndisakuona. Khosi linandiwawa pachabe. Botolo linali chidzadzire.

Pa mlatho wa Luangwa basi zimaima kuti anthu adye. Mtsinje wake ndi womwewu umene ndimauona tsiku ndi tsiku kuntchito, koma tsiku limenelo sindinaupatse moni. Anthu anakhamukira ku nsomba zouma ndi zokazinga. Ine ndinagula mazira owiritsa awiri, opanda mchere, ndi mabotolo a madzi ochuluka momwe manja anga akanathera. Ndinaika dzira ndi botolo pampando wopanda munthu uja, ndinatsikanso, n'kukabisala kuseri kwa ogulitsa madengu mpaka hutala ya basi inalira. Ndinayesa kuimbira Misozi, foni yake inali yozima, poti kumudzi amatchajitsa kwa eni sola. Nditakwera ndinapeza dzira lili pomwepo, botolo losatsegula. Apa ndinazindikira kuti nkhani sinali ya diso langa lokha.

Kutsidya kwa mlatho msewu umakwera mapiri okhotakhota. Basi yathu inayamba kubuula, kenako fungo la mphira wopsa linadzaza mkati, ndipo dalaivala anaikokera pambali utsi woyera ukufuka kumbuyo. Paipi ya madzi inali itaphulika. Kondakitala anati, "Ten minitsi chabe, mabwana." Amene anayendapo pamsewu umenewu anayamba kuyala zitenje pansi, podziwa kutalika kwa mphindi khumi za kondakitala.

Panalibe mudzi, panalibe netiweki, mitengo inali isanaphuke bwino moti mthunzi wake unali wongonamizira. Tonse tinatsika chifukwa m'basi munali ngati mu uvuni. Ine ndinatsika msanga n'kuima patali monga mwa mwambo. Ndili pomwepo ndinaona apongozi akutsika. Anaponda sitepe yoyamba, anafufuza yachiwiri ndi phazi, naiphonya. Akanapanda kugwidwa ndi mayi wina akanagwa chafufumimba. Anayenda akupapasa m'mbali mwa basi mpaka anakakhala pamwala.

Nesi uja anali atanena kuti maso akayamba kuchita chidima, BP yafika poipa. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangopezeka ndanyamula chikwama, ndikuyenda molunjika kumene zaka zonsezi ndinkapatuka. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinaomba m'manja.

"Amayi, mundikhululukire. Ndipatseni mkono."

Anadzidzimuka, nakokera chitenje kumaso, natembenukira kumbali. Ndinadikira. Malole ankadutsa akutiwaza fumbi. Kenako mkono unatuluka pansi pa chitenje pang'onopang'ono. Aka kanali koyamba kuwakhudza. Khungu linali lotentha ndi louma, ndipo lamba wa makina ndinamumanga chozondoka, n'kumasulanso. Makina analira, nafinya, naonetsa nambala imene inaposa ya ku Chipata kutalitali.

"Amayi, mapilitsi aja simunamwe."

Anayankha akuyang'ana kuphiri, m'Chinyanja chawo chapang'onopang'ono, poti chilankhulo chawo ndi Chikunda. Aka kanalinso koyamba kundilankhula popanda wotuma.

"Anesi anakamba ine ndikumva. Akuti ndi mapilitsi akweza BP. Amayi aja nawonso akamba chimodzimodzi. Manje ine ndimwe chinthu chondipha?"

"N'zoona amakweza, sananame. N'chifukwa chake tikupita, kuti adokotala akayeze magazi, akachepetse okha. Koma mukasiya inu nokha, thupi liyamba kumenya impso ija. Ndipo pamapilitsi mwamangawo pali ndi la BP lomwe. Mwamanga wolakwa pamodzi ndi wosalakwa."

Anafumbata mfundo ya chitenje ija.

"Nanga madzi, amayi? Madzi alakwanji?"

Apa mawu awo anatsika kwambiri. "Ndikamwa ndidzafuna kutsika. Basi siima. Ndiuza ndani? Ndiuze imwe?"

Ndinamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Munthu wamkulu ameneyu anali wokonzeka kuumitsa impso ya mwana wake kusiyana ndi kundiuza kuti akufuna kupita kuthengo. Ndipo ine, amene ndinkadziyesa wochenjera, ndinali wokonzeka kuwaonerera kuchokera ku Nyimba kusiyana ndi kukhala pampando wopanda munthu. M'maso mwanga munayamba kulengeza misozi.

"Amayi, ine ulemu ndimaudziwa, ndipo sindinakulakwirenipo. Koma chimene chili m'mimba mwanumo ndi cha mkazi wanga. Ndinamuona akulowa kuopaleshoni, ndinamusambitsa bala lake. Pochoka wandiuza kuti alibenso ina yopereka. Ikafera pano paphiri, ndikamuuza kuti chiyani? Kuti ndinachita manyazi?"

Ndinaganiza kuti ndawanyoza kosakhululukika. Kenako anamasula kathumba kawo. Anatulutsa dzira lija ndinawasiyira pampando, loti sindinaone pamene analitenga, analigogoda pamwala, nayamba kulisenda mopapasa. Atatha anachotsa chitenje kumaso, nanditembenukira. Ndinaona nkhope yawo pafupi, yotupa pang'ono ndi mapilitsi, maso ofiira. Anandipatsa dziralo ndi manja awiri.

"Nkhuku yanu ija ndi iyi. Yachedwa, ikali yaing'ono. Idyani ine ndikuona."

Ndinalandira. Ndadyapo zakudya zambiri zotsala kwa azungu, za mayina ovuta kutchula, koma palibe chinandivuta kumeza ngati dzira limenelo. Ndinadya iwo akundiyang'ana, ndipo nditameza anamasula mfundo ya chitenje, naika mapilitsi pakamwa, natambasula dzanja. Ndinatsegula botolo n'kuwapatsa. Anamwa ine ndikuona.

Ndinkawapatsa pang'onopang'ono monga timachitira ndi mlendo amene wakomoka ndi dzuwa. Ndinavula malaya anga akunja n'kuwakolowekera panthambi kuti pakhale kamthunzi. Tili choncho anatulukira kondakitala ndi chigubu. Dalaivala anali atamanga paipi ija ndi mphira, tsopano ankasonkhanitsa madzi a anthu kuti athire mu injini. Diso lake linagwera pamabotolo anga.

"Bamudala, tipempheko manzi. Muli nayo yambiri imwe."

"Awa ayi."

"Ah, manje tizayenda bwanji? Aliyense wapereka."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Bambo wina wa tayi anati anthu ena ndi odzikonda kuyambira kubadwa. Ine amene ndimamwetulira alendo amwano chaka chonse, tsiku limenelo ndinaphulika. Ndinaimirira n'kukuwa kuti amayi awa ali ndi impso imodzi yokha, yopatsidwa ndi mwana wawo, ndipo sanamwe kanthu kuchokera ku Chipata, ndiye amene akufuna madzi awa ayambe wandimenya. Ndinanena zambiri, zina zosafunika. Nditamaliza, bambo wa tayi uja anatsegula chikwama chake, natulutsa botolo limene anali atabisa, nakalipereka kwa kondakitala. Mabotolo ena obisika anayamba kutuluka m'zikwama, mpaka chigubu chinadzaza.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Ndinawagwira mkono pokwera, ndipo ndinakhala pampando uja wa pambali pawo. Anthu anatisiya, koma ndinkaona kuti basi yonse ikutiyang'anira m'mbali mwa diso. Apongozi anati mutu wayamba kupepuka, ndipo atayang'ana kutsogolo anatha kuwerenga nambala ya mpando. Ndinayezanso, inali itatsikako pang'ono. Koma funso la Misozi linali lisanayankhidwe. Botolo lachiwiri linatha, lachitatu linafika pakati. Madzi ankalowa, osatuluka.

Pa Rufunsa anthu ena anatsika kukadzithandiza. Ndinawayang'ana apongozi, iwo anapukusa mutu. Ndinayamba kuona m'maganizo makina otsuka magazi aja, ndi Misozi atakhala pabenchi la chipatala ndi bala lake lopanda phindu. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena ndinangopeka. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzadandaulira Mulungu za chikhodzodzo cha apongozi anga.

Mapiri anatha, minda inayamba kuoneka, dzuwa linafiira. Netiweki inabwera ndipo foni inalira. Anali Misozi. Ndinaiyang'ana mpaka inaleka, chifukwa ndinalibe chomuuza.

Tikuyandikira Chongwe ndinamva chala chikundikodola pamkono.

"Atate a Dalitso."

"Amayi?"

"Auzeni aime."

Ndinadumpha ngati ndalumidwa ndi linthumbu. "Dalaivala, imani! Imani pompano!"

Kondakitala anatembenuka. "Chongwe ili pafupi, bamudala, faivi minitsi."

Sindinayankhe ndine. Basi yonse inakuwa pamodzi, azimayi akumenya m'mbali mwa mipando, bambo wa tayi ali patsogolo: "Imani, imwe! Simunamve?" Basi inaima. Azimayi awiri anatsika nawo, natambasula zitenje zawo kuwatchinga. Ine ndinaima pakhomo la basi nditafulatira, ndikuyang'ana chimanga chouma cha munda wa eni ake. Atabwerera, mmodzi wa azimayiwo anandiyang'ana nagwedeza mutu, akumwetulira. Wina kumbuyo anaimba nthungululu. Apongozi anafundanso chitenje kumaso, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti akuseka.

Ndinaimbira Misozi pomwepo. Asanapereke ndi moni yemwe anafunsa, "Ataya?"

"Ataya."

"Wakuuzani ndani?"

"Andiuza okha."

Kumbali inayo ndinamva akulira, mwana nayenso akulira.

Ku Lusaka tinalowa magetsi atayaka kale, ndipo tinapita kuchipatala molunjika. Anawagoneka. M'mawa anawatenga magazi asanamwe mapilitsi, ndipo masana dokotala anabwera ndi zotsatira. Anati mankhwala oteteza impso aja anali atachuluka m'magazi, ndiwo ankakweza BP, ndipo ludzu la panjira linawonjezera moto. Impso inali itavutika, koma inali ikugwira. Anachepetsa mlingo, nawonjezera pilitsi lina la BP, nati akhale masiku angapo awaone. Za mfundo ya chitenje ndinamuuza, ndipo anatikalipira tonse awiri mofanana.

Kenako anatenga cholembera, nauza nesi kuti awafunse mayiwo: dzulo anamwa madzi ochuluka bwanji, ndipo anataya kangati? Ine ndinayamba kunyamuka kuti ndituluke panja, mwa chizolowezi. Apongozi anandigwira malaya.

"Khalani pansi," anatero. Kenako anatembenukira kwa dokotala, nandiloza. "Funsani awa. Ndiwo akudziwa."